Mapazi a Atate Aakulu

Amuna anayi amene analowa kukasambitsa thupi la atate aakulu anatuluka ngati anthu amene apeza njoka pansi pa mphasa. Ife azimayi tinali panja pa nyumba yachisoni ya kuchipatala, titakhala pamthunzi, tikudikira kuti atiitane. Woyamba kutuluka anali a Chanda, mnzawo wa kumsika, Mbemba wolongolola amene sindinamuonepo atatseka pakamwa. Tsiku limenelo anangoima pakhomo, dzanja lili kumutu. Kenaka anabwera pomwe ndinakhala n'kunjuta.

"Ba Lusiya," anatero motsitsa mawu, "imwe munali kudziwa?"

"Kudziwa chiyani?"

"Mapazi! Zala zitatu chabe. Mapazi onse awiri, zitatu chabe! Zaka makumi awiri nikhala nao pamsika, munthu wogulitsa nsapato, ine osadziwa kuti alibe zala?"

Ndinkadziwa. Koma nanenso ndinali nditangodziwa zaka zitatu zapitazo, ine amene ndinakulira m'manja mwawo.

Dzina lawo anali a Sitefano Daka, mkulu wawo wa atate anga, koma kumsika wa ku Kamushanga mukanafunsa dzina limenelo anthu akanakuyang'anani kukamwa. Onse ankawatchula a Majombo. Anabadwira muno mu Kabwe, makolo awo atachoka ku Petauke kudzagwira ntchito kumgodi. Atate aakuluwo anagwirako ntchito ya njanji, ndipo itatha anayamba kugulitsa salaula, zovala zakale zija zobwera m'mabelo kuchokera kunja. Sankasankha madiresi kapena masuti ngati anzawo. Iwo ankatola zimene ena ankakankhira pambali: jombo zolemera, majekete otupa ngati mapilo, majuzi a ubweya, magolovesi, zipewa zotseka makutu. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, thebulo lawo linkaoneka ngati la munthu wozungulira mutu.

Anamwalira Lachiwiri masana, mwezi wa Meyi chaka chino. Sanadwale. Mayi wina ankayesa nsapato, iwo n'kugwada kuti adine kutsogolo ndi chala chachikulu, monga ankachitira ndi aliyense. Anadina, koma sanadzuke. Mayiyo akuti anadikira kanthawi, akuganiza kuti nkhalamba ikuyang'anitsitsa msoko. Anakuwa pomwe mutu wawo unagwera pabondo pake. Pamene foni inandipeza kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ndinakangana ndi wondiimbirayo. Ndinati mwasokoneza munthu, atate aakulu ndawaona m'mawa uno akupukuta njinga.

Malonda awo anali ndi malamulo amene ankathamangitsa ogula. Jombo sankagulitsa m'mawa. Ankati phazi la m'mawa ndi labodza, limaonda pogona n'kutupa dzuwa likapendeka, choncho wofuna jombo abwerenso masana atayendapo. Ukayesa, ankakulamula kuti ulowetse chala kuseri kwa chidendene, ndipo chala chikakana kulowa, ngakhale ulire kuti wazikonda, ankazilanda n'kuzikoloweka pamsomali. Jekete ankaliyesa ndi pakamwa. Ankagunditsa milomo pansalu n'kuuzira mwamphamvu, dzanja lili mkati, kuti amve ngati mphepo ikudutsa. Kenaka ankathirapo madzi a m'kapu pamkono n'kuonerera ngati akuyenderera kapena akulowa. Juzi akalikayikira ankasolola kaulusi n'kukayatsa ndi machesi. Kakanunkha ngati tsitsi lopsa ankagwedeza mutu kuti eya, ubweya weniweni. Kakapsa ngati pepala, ankaliponya kumbali ya zotsika mtengo.

Thonje ankadana nalo ngati kuti linawalakwira. Ankati ndi bwenzi la padzuwa lokha: likamwa thukuta kapena mvula limakukakamira pathupi n'kuyamba kukuba kutentha. Tsiku lina ndili wamng'ono ndinabwera kuchokera kusukulu nditanyowa ndi mvula, n'kukhala pampando ndi yunifolomu yomweyo ndikudya chimanga. Munthu amene sankakweza mawu ngakhale kwa galu anandikalipira mpaka aneba anatuluka. Amayi anachita kundikokera kuchipinda kukandisintha, akudabwa kuti alamu awo alowedwa chiyani.

Ndi a Chanda ankakangana sabata iliyonse. A Chanda ankagula majekete a nthenga otsala n'kuwang'amba, nthengazo n'kupangira mapilo. Atate aakulu akaona zimenezi ankachita kunjenjemera. Ankati jekete limodzi lotere likhoza kusunga moyo wa munthu, ndiye wina akulisandutsa chotsamira cha waulesi. A Chanda ankayankha kuti muno ndi mu Kabwe, palibe amene anafapo ndi mphepo, chimene chimapha anthu kuno ndi fumbi la kumgodi ndi njala. Ankatha masiku atatu osapatsana moni, lachinayi n'kuwapeza akugawana chinangwa chootcha. Amene ankadziwa phindu la atate aakulu anali a kuseminale ya ku Mpima. Wansembe wachinyamata akatumizidwa kukaphunzira kumayiko ozizira, anzake ankamuuza kuti ayambe wadzera kwa a Majombo. Ankabwerako akusimba kuti nkhalamba ija inalondola chilichonse, ngati kuti inakhalako. Tikawafunsa kuti zimenezi anaziphunzira kuti, ankati m'mabelo.

Sokosi sankavula. Kubafa ankapita atavala, n'kubwerako atavala zina zouma. Ankatsimphina pang'ono poyenda, ndipo tonse tinkadziwa chifukwa chake: chitsulo cha njanji chinawagwera. Akazi awo anamwalira kalekale opanda mwana, ndipo ngati ankadziwa zambiri, anapita nazo.

Za atate anga, a Petulo, tinkadziwa nkhani imodzi. Pa zaka zija sopo ndi mafuta ophikira zinkasowa m'masitolo, abale awiriwa anakwera sitima ku Kapiri kupita ku Tanzania kukagula katundu wodzagulitsa. Ine ndinali ndi zaka zitatu. Patapita miyezi isanu anabwerako mmodzi, wowonda, akuyenda ndi ndodo. Anauza amayi kuti a Petulo apeza mkazi wina kumeneko ndipo anena kuti asawadikire. Amayi sanalire pagulu. Anatenga zithunzi zonse za ukwati n'kudula mbali ya mwamuna ndi lumo. Dzina la atate linasanduka chitukwano m'nyumba mwathu. Ndikanama, ankati magazi a atate ako. Sanakwatiwenso, ndipo pa Misa, ena akamatchula akufa awo, iwo ankangoluma mano. Atate aakulu ndiwo anatisunga. Anamanga kachipinda kuseri kwa nyumba yathu ku Chililalila, anandilipirira sukulu, anandiperekeza paguwa tsiku la ukwati wanga. Anthu ankati munthu uyu ndi woyera mtima, akulipira machimo a mng'ono wake.

Zaka zitatu zapitazo mwana wanga Tisa, amene amagwira ntchito ku Lusaka, anabwera ndi nkhani yoti iye ndi anzake a kuntchito akukakwera phiri la Kilimanjaro. Anali atatsala ndi masabata asanu ndi limodzi kuti anyamuke. Linali Loweruka masana. Anayala chitenje pakhonde n'kukhuthula chikwama chake kuti tione. Amayi anali pampando wawo akusankha nyemba, ine ndikusita, atate aakulu akukonza tcheni cha njinga pabwalo.

Munali majinzi awiri, matisheti asanu olembedwa dzina la kampani yawo, jekete lachikopa lofika m'chiuno, ndi nsapato zoyera zothamangira, zatsopano, zikadali m'bokosi. Otsogolera ulendo anali atawatumizira mndandanda wa zofunika pafoni, koma Tisa anati theka la zinthuzo n'zongowopseza, zina akabwereka komweko.

Atamva dzina la phirilo, atate aakulu anasiya tcheni. Anabwera pakhonde manja ali bii ndi girisi, n'kuima pamwamba pa katunduyo.

"Wati ukupita kuti?"

"Ku Kilimanjaro, ambuye. Masiku asanu ndi awiri chabe. Nizakutumirani mapikicha."

Anawerama n'kutola tisheti imodzi, kuipotokola m'manja, girisi n'kudetsa dzina la kampani lija. Anaiponya pabwalo. Anatola ina, naiponyanso. Majinzi anatsatira. Bokosi la nsapato analikankha ndi phazi mpaka linakagwera mu ngalande.

"Ambuye! Ni chani manje? Nsapato izo nagula dzulo!"

"Supita."

"Nalipira kale. Ndine mukulu ine, simungandiletse."

"Ndi zovala izi supita. Ukapita ndi izi, akakubweretsa atakunyamula, ngati akakubweretse n'komwe."

Tisa ndi mwana waulemu, koma tsiku limenelo anapsa mtima. Anati iwo phiri amalidziwira kuti, munthu amene chitunda chachikulu chimene anakwerapo ndi mulu wa zinyalala za kumgodi. Anati kugulitsa jombo si kukwera phiri. Ndinamukalipira kuti atseke pakamwa. Amayi anaseka pang'ono, n'kunena kuti, "Alamu, musiyeni mwana. Za masiku ano sitizidziwa ife."

Atate aakulu anakhala pansi pasitepe, namasula zingwe za jombo zawo pang'onopang'ono. Anavula ya kumanja, kenaka ya kumanzere. Anavula sokosi zokhuthala, pansi pake panali zina zopyapyala, nazonso anavula. Kenaka anatambasula miyendo padzuwa.

Phazi la kumanja linali ndi chala chachikulu ndi chotsatira chake. La kumanzere linali ndi chachikulu chokha. Kwinako kunali kosalala, kofiirira, kopindikira mkati ngati mkamwa mwa nkhalamba yopanda mano. Ine ndinaiwala kuti ayironi ili pamalaya mpaka fungo la kupsa linandidzutsa.

"Si njanji iyi," anatero. "Ndi phiri lako lomwelo."

Nkhuku zinali kutokosa matisheti aja pabwalo.

"Amake Lusiya," anatero osatembenuka, "ikani nyemba pansi. Petulo sanakwatire mkazi wina. Petulo anamwalira. Ndinamuika ndi manja angawa."

Lichero linatsetsereka pamiyendo ya amayi, nyemba n'kumwazika khonde lonse. Sanaziyang'ane n'komwe.

Atate aakulu anasimba nkhani yonse maso ali pamapazi awo. Ndalama zogulira katundu anawabera atangofika. Anachita manyazi kubwerera chimanjamanja, makamaka iwo, poti ndiwo ananyengerera mng'ono wawo kuti asiye ntchito apite nawo. Munthu wina amene anadziwana naye m'sitima anawauza kuti kumpoto, ku Moshi, kuli ganyu yonyamulira alendo katundu kukwera phiri. Anapita. Maulendo awiri oyamba anayenda bwino, poti kunali kouma. Anali ndi jekete limodzi lokha lenileni pa anthu awiri, limene mlendo wina anawasiyira, ndipo ankavala mosinthana. Kumapazi anali ndi nsapato zansalu.

Ulendo wachitatu mvula inawapeza m'nkhalango ya m'munsi, ndipo inawatsatira masiku awiri. A Petulo anali atavala malaya a thonje ndi ovolosi. Zinanyowa, ndipo sizinaumenso. Tsiku lachitatu anafika kumtunda kopanda mitengo, kumene kuli miyala yokhayokha ndi mphepo. Tsiku limenelo jekete linali la atate aakulu. A Petulo anayamba kutsalira, akupunthwa, akuyankhula ngati woledzera. Anati atsogole, apume pang'ono pamwala, awapeza.

"Ndinamuyang'ana, ndinaona kuti akunjenjemera," anatero atate aakulu. "Jekete lili pathupi panga. Ndinati ndikatule katundu kumsasa, ndibwerere. Ndinaopa kapitawo. Ndinapita ndi jekete."

Pobwerera anapeza matalala oyera atakuta njira. Mng'ono wawo anali pamwala pomwe paja, atavula malaya, chifuwa chili pamtunda. Anzawo anawauza pambuyo pake kuti munthu akazizidwa kufika pamapeto amamva ngati akupsa, ndiye amavula. Anamuveka jekete lija, atauma kale. Anamubereka kumsana kutsika naye, nsapato zansalu zitanyowa n'kuuma gwa ndi chisanu. Pofika kumunsi mapazi sankawamvanso. A Petulo anaikidwa kumanda a tchalitchi china cha m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri. Zala zawo zinada ngati makala, ndipo anakazidula kuchipatala.

"Nanga bodza?" Awa anali amayi. Mawu awo anali ang'onoang'ono, ngati a mwana. "Bodza lija linali la chiyani, alamu?"

Atate aakulu anati m'sitima yonse pobwerera ankakonzekera kunena zoona. Koma atafika pakhomo n'kuona amayi awo owabereka akuthamangira kuchipata, akusuzumira kumbuyo kwawo kufuna mwana wachiwiri, lilime linakana. Anatinso ankadziwa zimene achibale a kumudzi akanachita ndi mkazi wamasiye: kumulanda ziwiya, kumubweza ku Petauke, mwana n'kumugawira kwina. Mkazi wothawidwa palibe amene amamulanda kanthu. Kenaka anapukusa mutu.

"Koma zimenezo ndinaziganiza pambuyo, pofuna kudzitonthoza. Zoona zake n'zoti ndinachita mantha kunena kuti jekete linali pathupi panga."

Amayi anaimirira. Ndinaganiza kuti awamenya, ndipo sindikudziwa ngati ndikanawagwira. Koma anangodutsa, akuponda nyemba, n'kulowa kuchipinda. Patapita kanthawi tinamva kulira kumene sindinakumvepo chibadwire, kulira kwa maliro, kotchula dzina. "Petulo iwe! Petulo mwamuna wanga!" Aneba anathamangira kwathu akufunsa kuti wamwalira ndani. Ndikanati wamwalira ndi munthu amene anafa zaka makumi anayi zapitazo?

Ine ndinakhala masiku ndikuyenda ngati wogona. Munthu amene ndinaphunzitsidwa kudana naye anali wosalakwa. Munthu amene ndinkamuyesa woyera anaonerera amayi akudula zithunzi, anamva akunditukwanira magazi a atate anga, chaka ndi chaka, akudya nafe mbale imodzi, osatsegula pakamwa. Mpaka lero zinthu ziwirizi sizikhalira pamodzi m'mutu mwanga.

Amayi anavala zakuda Lolemba lotsatira. Anapita kwa abambo mfumu kukapempha Misa ya mwamuna wawo, ndipo dzina la Petulo Daka litawerengedwa m'tchalitchi, okalamba amene ankamukumbukira anatembenuka kuyang'anana. Atate aakulu anakhala kubenchi lakumbuyo. Kuyambira pamenepo amayi sanawayankhulenso. Chakudya ankawapakulira ndithu, n'kundituma ine kapena aliyense amene alipo kuti akapereke. Akakumana pampopi, amayi ankayang'ana ndowa.

Tisa anafuna kuleka ulendo. Atate aakulu ndiwo anakana. Anati phiri silinaphe munthu, chinapha ndi umbuli ndi umphawi, ndipo iye alibe chifukwa chopitira ndi ziwirizo. Anamuuza kuti awawerengere mndandanda uja wa pafoni, ndipo pa chinthu chilichonse ankagwedeza mutu kapena kuwonjezapo zawo. Masabata asanu ndi limodzi amenewo anagwira ntchito ngati munthu wolipidwa. Anapita mpaka ku Lusaka kukafukula m'mabelo a anzawo.

Jombo ndizo zinayamba, zofika m'kakolo, zokulirapo pang'ono kuti sokosi ziwiri zilowe ndi zala zisagunde kutsogolo potsika. Analamula kuti azivale tsiku lililonse, ngakhale ku ofesi, ndipo Loweruka lililonse Tisa ankabwera ku Kabwe n'kuyenda nazo kuchoka ku Chililalila mpaka ku Mpima ndi kubwerera, chikwama chili kumsana, iwo akumutsatira panjinga. Ankati jombo yatsopano paphiri ndi mdani amene wadzinyamulira wekha.

Zovala anaziyala pamphasa m'magulu atatu. Zoyamba zogundana ndi khungu, zopyapyala, zosasunga thukuta, popanda ulusi ngakhale umodzi wa thonje. Pamwamba pake juzi la ubweya ndi jekete la nthenga. Kunja kwenikweni jekete ndi thalauzi zokana mvula ndi mphepo. Anamuphunzitsa kuti azivula chimodzi asanayambe kutuluka thukuta, ndi kuvala chimodzi akangoima, asanayambe kumva kuzizira. Magolovesi anali awiriawiri, opyapyala mkati, okhuthala kunja. Chipewa cha ubweya chotseka makutu, china cha mlomo waukulu cha dzuwa, magalasi akuda, mafuta opaka kumaso ndi pamilomo, poti kumwambako dzuwa limawotcha munthu uku akunjenjemera. Tochi yomanga pamphumi, mabatire ake osungira m'thumba la mkati kuti chisanu chisawamalize. Botolo la madzi analisokera kathumba ka sokosi yakale. Thumba logonamo analifunafuna masabata atatu, ndipo atalipeza analowamo okha pakhonde masana kuti aliyese, thukuta lili kamukamu. Chilichonse anachikulunga m'matumba osalowa madzi, ndipo sokosi ziwiri ndi malaya amkati amodzi anazimanga pazokha n'kumulumbiritsa kuti zimenezo ndi zogonera basi, zisadzanyowe zivute zitani.

Anamuuzanso kuti aziyenda ngati nkhalamba, azimwa madzi ngakhale alibe ludzu, ndipo mutu ukadzamupweteka mpaka kusanza, wotsogolera akati tsika, atsike osatsutsa. Pomaliza anatulutsa mtolo wina: jekete lalikulu lachimuna, jombo, magolovesi ndi sokosi.

"Ambuye, ivi ni vikulu. Si saizi yanga."

"Si zako. Tsiku loyamba, musanalowe m'nkhalango, uyang'ane kumapazi kwa amene akunyamulira chikwama. Usayang'ane nkhope, adzakusekerera. Uyang'ane kumapazi."

Tisa anakwera mpaka pamwamba ndipo anabwerako ndi zala zake zonse. Anati onyamula katundu ambiri masiku ano ali ndi zovala zabwino, koma panali bambo wina wachikulire amene nsapato yake inali yomangidwa ndi waya, ndipo mtolo uja unapita kwa iyeyo. Mnzake wina wa kuntchito, amene ankaseka kukula kwa chikwama chake, anamutsitsa tsiku lachinayi akulephera kumanga zingwe za nsapato zake. Atatsika, Tisa anayenda m'matchalitchi atatu a m'tsinde mwa phiri kufunsa za manda a Mzambia amene anafa kalekale. Anthu anamulandira bwino, koma palibe amene ankakumbukira. Mitanda yamitengo ya nthawi imeneyo inadyedwa ndi chiswe.

Chaka chinatha amayi asanawayankhule atate aakulu. Tsiku lina m'mawa, ine ndikuchapa kuseri, ndinawaona akupita kukachipinda kaja n'kuima pakhomo. Atate aakulu anali akupopa njinga.

"Alamu."

Pompi inagwa pansi.

"Ndifuna mundiuze chinthu chimodzi. Pomwalira ananena chiyani? Anatitchula?"

Ine manja anali m'madzi, ndikupemphera kuti atate aakulu anene kuti inde.

"Sindidziwa, mulamu. Panalibe munthu. Anafa yekha."

Amayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kujombo.

"Zaka makumi anayi munali ndi bodza londipweteka," anatero. "Lero mwasowa limodzi londitonthoza?"

"Anatha, mulamu. Ndilibenso."

Amayi anabwerera kunyumba. Sindinganene kuti anawakhululukira, chifukwa sanandiuzepo, ndipo si munthu wofunsika zotere. Chimene ndinaona n'choti kuyambira tsiku limenelo mbale ankakapereka okha. Ankaiika pakhomo n'kunena kuti, "Chakudya icho," iwo n'kuyankha kuti, "Zikomo, mulamu." Kwa zaka ziwiri zotsalazo, mawu awo anali amenewo.

Pamaliro, a Chanda atamaliza kudabwa kwawo, nkhani ya mapazi inayenda m'nyumba yonse yamaliro, aliyense akuwonjezapo yake. Ena ankati ndi matenda a shuga, ena njanji, ena ankanong'ona zamankhwala a malonda. Amayi ndiwo anaidula. Anayankhula kuchokera pamphasa pomwe anakhala, mokweza kuti ndi amuna panja amve.

"Zala zimenezo anazisiya paphiri atabereka mwamuna wanga. Amene ali ndi funso lina abwere andifunse ine."

Palibe anabwera.

Sabata yatha ndinadutsa ku Kamushanga. Juni wafika ndi mphepo yake ya m'mawa, ndipo ino ndiyo nyengo imene thebulo lawo linkazunguliridwa ndi anthu. Katundu tinagawa, thebulo linapita kwa achibale. Patsala mitengo inayi yozikika pansi, ndi mtanda wa pamwamba wokhala ndi mzere wa misomali yopindika. Pepala lapulasitiki la padenga linang'ambika, mbali imodzi ikukupiza. Pansi pamene panali thebulo dothi ndi lakuda kusiyana ndi pozungulira, ndipo udzu wayamba kumera m'mphepete. Pamsika malo sakhala opanda mwini ngakhale masiku awiri, koma a Chanda aunjika mapilo awo mpaka kumutu m'kachigawo kawo komweko, osadutsa mtengo wa malire ngakhale ndi chikhatho.

Ndili chiimire, panafika bambo wina atakumbatira mapewa, atavala malaya opyapyala. Anayang'ana misomali ija, nayang'ana uku ndi uku.

"A Majombo asamukira kuti?"

A Chanda anangoloza mitengo inayi ija ndi chibwano, n'kutembenukira kukhoma. Bamboyo anadikirabe pang'ono, ngati kuti mwina mwini malo wangopita kukamwa tiyi. Kenaka anapisa manja m'khwapa n'kumapita.